Hadidisiki ya Amjomba Mufiriji ya Chambo

Ku Namwera kuli anthu amene akandiona ndikutsika minibasi amayamba kuseka ndisanapereke n'komwe salamu. Ena sindiwadziwa ndi maina omwe, koma iwo amandidziwa bwino lomwe. Nkhani yake yafotokozedwa kambirimbiri ndi anthu amene panalibe. Ena amati ndinalira, ena amati ndinathawira ku Mozambique. Ndiye lero ndati ndiifotokoze ndekha mwini wakene, kuti ngati n'kuseka muziseka zoona.

Ine kwathu n'kwa Mponda. Nthawi imeneyo ndinali ndi kabenchi pafupi ndi depoti, pamene ndinkagulitsa makava a foni ndi kulowetsa nyimbo m'mamemori khadi a anthu. Ntchito yake inali yotenga nyimbo uku n'kuiponya uku, basi. Koma poti ndinkakhala kuseri kwa laputopu tsiku lonse nkhope nditaikwinya, anyamata a kabaza anandipatsa dzina loti Injiniya. (Sindinalikane. Inu mukanalikana?)

Nditakumana ndi Halima, mtsikana wosoka zovala mumsika wa paboma, anandifunsa kuti ndimagwira ntchito yanji. Pakamwa panga panayankha pokha: “Ndimakonza makompyuta.” Iye anangoti, “Oo,” n'kupitiriza kupalasa makina ake. Chikondi chinakula, akwathu anapita kukafunsira mbeta, ndipo anauzidwa kuti mawu omaliza ali ndi amalume ake a ku Namwera, Che Amadu, amene aliyense pabanjapo amawatchula kuti Amjomba. Bambo ake a Halima anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anamulera ndi Amjombawo. Atamva za ine anangoti, “Tiona.” Miyezi itatu inatha akuonabe.

Ndiye Lachinayi lina Halima anandiimbira foni.

“Kompyuta ya Amjomba yasiya kuyaka. Masiku anayi tsopano sakudya bwino. Ndawauza kuti mupita mawa.”

Munthu wanzeru akanati, “Halima, pali kanthu kamene ndiyenera kukuuza.” Ine ndinati, “Uwauze asadandaule, zimenezo n'zazing'ono.”

Lachisanu m'mawa ndinavala malaya oyera, n'kukoleka chikwama cha laputopu paphewa. M'chikwamamo munali tchaja, mswachi wakale ndi majumbo akuda awiri oti ndidzatengeremo mbatata pobwerera. Sikuludiraiva ndinaiiwala, chifukwa ndinalibe. Minibasi inawoloka mlatho, n'kuyamba kukwera mapiri a ku Chowe ikulira ngati yatemedwa, ine ndikuyeserera mumtima mawu akuluakulu oti ndikalankhule.

Amjomba ndi munthu wamtali, woonda, wa ndevu zoyera ndi mawu ochepa. Akazi awo, Abiti Saidi, ndiye amalankhula za anthu awiri. Iwowa amapikula chambo kunyanja n'kumagulitsa ali pakhomo, ndipo m'kachipinda ka pafupi ndi khitchini muli chifiriji chachikulu chotsegula pamwamba. Nsomba za munthu aliyense amene waodeseratu amazimanga m'jumbo yakuda n'kuziika m'menemo.

Titamwa tiyi, Amjomba ananditengera kuchipinda chawo chowerengera. Anachotsa chitenje chimene chinavindikira tebulo, mwaulemu ngati akuonetsa nkhope ya wodwala. Pansi pake panali kompyuta ya makedzana: chibokosi chimene kale chinali choyera koma chinasanduka chachikasu ngati dzino, ndi sikirini ija ya chimbuyo chachikulu. Anadina batani. Fani inabangula, china chake chinalira kuti tiii, kenaka pa sikirini yakuda panabwera timawu tachizungu toyera. Timawuto tinkanena kuti kompyutayo sikuipeza hadidisiki yake, ndipo munthu adine batani lililonse kuti iyesenso.

(Kwa amene simudziwa, hadidisiki ndi kachitsulo ka makona anayi, kukula kwake ngati sopo wochapira wodulidwa pakati. Zonse zimene mumalemba pa kompyuta zimakhala m'menemo. Izi ndinkazidziwa. Kudziwa kwanga kunathera pomwepa.)

“Mukudziwa zimene zili umu, bambo?” anafunsa Amjomba.

“Nyimbo?”

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

“Ife tinabwera kuno tikuthawa nkhondo ku Mozambique. Ndinali mnyamata. Tinanyamuka anthu ambiri, tinafika ochepa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuyenda kwa akuluakulu kufunsa kuti uje anabala yani, anatsala pati, anaikidwa pansi pa mtengo uti. Ndikabwerako ndimalemba umu ndi zala ziwirizi. Ambiri amene anandiuza anatsogola. Sindingakawafunsenso.”

“Munakopera pena pake? Pa fulashi kapena?”

“Anandiuza kuti fulashi imabweretsa matenda.”

Apa ndiye panali pachiwiri poti ndinene zoona. Ndinapinda manja a malaya n'kunena kuti, “Musade nkhawa, Amjomba. Matenda amenewa ndimakumana nawo tsiku lililonse.”

Ndinayamba ndi nzeru imene aliyense amaidziwa: kuzimitsa n'kuyatsanso. Timawu tija tinabweranso. Ndinazimitsa n'kuyatsanso kasanu, nthawi iliyonse ndikugwedeza mutu ngati ndaona china chatsopano. Kenaka ndinamvera malangizo a kompyutayo oti ndidine batani lililonse. Ndinadina onse, mzere ndi mzere. Amjomba atatuluka kukayankha odi, ndinachimenya chibokosicho khofi la m'mbali monga timachitira ndi wailesi. Chinangotulutsa fumbi.

Mwangozi chala changa chinagunda batani lina kompyuta ikuyaka, ndipo sikirini inasanduka yabuluu, yodzaza manambala. Ndinakumbuka kuti kumeneku amati ku bayosi, kumene kompyuta imaonetsa ziwalo zake zonse. Pamzere wa hadidisiki panalembedwa kuti palibe. Amjomba anabwera n'kuima kumbuyo kwanga.

“Zasintha mtundu,” anatero.

“Eya, tsopano talowa mu ubongo wake.”

Mu ubongomo ndinasintha chilichonse chosinthika. Chimene chinali choyatsa ndinazimitsa, chozimitsa ndinayatsa. Nditatuluka, kompyuta imene poyamba inkalira kamodzi inayamba kulira kawiri.

“Kulira kawiri n'kwabwino?”

“Ndi chizindikiro choti ikutimva.”

Chotsatira chinali kutsegula chibokosicho. Ndinapempha mpeni kwa Abiti Saidi, ndikunama kuti masikuluu akalewa sagwirizana ndi zida zamakono zimene zili m'chikwama changa. Anandipatsa mpeni wopalira mamba. Nditatsegula ndinapeza fumbi loti mungadzalepo thonje, ndi buluzi wouma amene anafa kalekale ali chogwira waya. Ndinauzira mwamphamvu, fumbi lonse n'kubwerera kumaso kwanga. Malaya oyera aja anathera pomwepo. Ndinatsuka paliponse ndi mswachi, ndinagwedeza chingwe chofiira chimene chinalowa kumbuyo kwa hadidisiki, ndinaona kuti n'cholimba, ndinayatsa. Timawu tomwe tija.

Ndinapempha kupita kuseri, ndipo ndili kumeneko ndinatsegula intaneti pa foni. Ndinapeza kanema wa bambo wina wakunja amene ankalankhula Chizungu chothamanga ngati akuthawa mvula. Mwa mawu khumi ndinkamva atatu. Koma chimene ndinaona ndi maso angawa n'choti anatenga hadidisiki yakufa, anaimanga m'pulasitiki n'kuiika mufiriji, akuti ikazizira imadzuka. Bandulo inatha kanemayo asanafike kumapeto. (Mpaka lero sindikudziwa ngati bambo uja ankati tizichita zimenezo kapena tisamachite.)

Ndinabwerera, ndinamasula hadidisiki ija ndi mpeni wa mamba, ndinaikulunga m'kampango kanga ka m'thumba, n'kuimanga m'majumbo awiri a mbatata aja, mfundo yolimba. Tsono kuwauza Amjomba kuti abale awo ndikukawaika pamodzi ndi nsomba ndinachita nako manyazi. Ndinadikira Abiti Saidi atapita kukaanika zovala, ndinazemba n'kulowa m'kachipinda kaja, ndinaika kaphukusi kanga pamwamba pa majumbo ena akuda, n'kutseka.

Nthawi yomweyo azana yoitanira anthu kumapemphero inamveka. Amjomba anavala kanzu yawo.

“Injiniya, tiyeni kumzikiti. Makina adikire.”

“Inde, akufunikadi kupuma ola limodzi,” ndinatero mosangalala, poona kuti zinthu zikugwirizana zokha.

Ndisakunamizeni, za khutuba, ulaliki wa tsiku limenelo, sindinamvepo kanthu. Anthu akupempha chikhululuko cha machimo, ine ndinkapempha kuti magetsi asazime.

Titabwerako ndinathamangira kufiriji. Ndinatsegula. Majumbo a pamwamba aja panalibe. Ndinalowetsa mutu ndi mapewa omwe, ndikufukula chambo ngati galu pa dzala, mpaka zala zinafa dzanzi. Kaphukusi kanga kanalibemo.

“Mukufuna chiyani m'nsomba zanga, bambo?” Anali Abiti Saidi, ataima pakhomo ndi chipande.

“Ndimangoona mmene firijiyi ikuzizirira, mayi. Kodi panali kajumbo kakang'ono pamwamba apa?”

“Kaja? Ndimayesa ndi chidutswa cha kampango chotsala dzulo. Kunabwera Abiti Yusufu a ku Katuli kudzatenga chambo chawo, ali ndi sadaka mawa. Ndawaikira ngati basera. Akwera matola muli kumzikiti.”

Zaka zisanu ndi ziwiri za Amjomba, manda onse, maina onse, zinali pa lole kupita ku Katuli ngati basera.

Apa panali pachitatu poti ndinene zoona. Ndinauza Amjomba kuti ndikukagula kachipangizo kena pamsika, ndibwera posachedwa. Ndinatuluka moyenda bwinobwino mpaka pa ngodya ya mpanda, kenaka ndinathamanga ngati ndaba nkhuku. Pa siteji ndinakwera njinga yamoto.

“Ku Katuli, achimwene. Liwiro lonse.”

“Kuli maliro?”

“Akhalako, anga.”

Amene munayendapo msewu umenewo mukudziwa. Matumbo anga anasinthana malo ndi mapapo. Pena tinatsika n'kukankha njinga mumchenga, pena tinadikira ng'ombe zimene zinalibe changu chilichonse. Pofika ku Katuli ndinali wofiira kuyambira tsitsi mpaka nsapato. Tinafunsa khomo limene kuli sadaka, ndipo anatilozera kumene kunkafuka utsi wambiri.

Ndinaiwala chinthu chimodzi: foni imathamanga kuposa njinga yamoto.

Nditalowa mumpanda ndinapeza amayi oposa khumi akusankha mpunga ndi kupala nsomba. Onse anasiya ntchito n'kundiyang'ana. Pakati pawo, pamphasa, panali mbale yoyera yadongo, ndipo m'mbalemo munali hadidisiki ya Amjomba, itakhala pa kampango kanga, ikutuluka thukuta ngati mwini wake wa ulendowu.

Mayi wina wonenepa anadzuka akupukuta manja. Anali Abiti Yusufu.

“Ndinu a injiniya?”

“Ndine, mayi.”

“Khalani pansi. Ife tinaika majumbo onse m'beseni kuti nsomba zisungunuke. Zonse zafewa, iyi yokha ayi. Ndati kampango wanji wouma mutu chonchi? Kumasula, chitsulo! Anzangawa anayamba kale kunena kuti wina watitchera mankhwala kuti sadaka iwonongeke. Ndiye ndawaimbira Abiti Saidi kuti andiuze chimene ndinawalakwira.”

“Madzi analowa?” ndinafunsa ndi mawu a mwana wa mbuzi.

“Ayi, kumanga ndiye mumatha. Mwina ntchito yanu ndi imeneyo.”

Amayi aja anaseka mpaka wina anagubuduza lichero. Gogo wina amene samamva bwino anafunsa m'Chiyao kuti chachitika n'chiyani, ndipo anamufotokozera mofuula kuyambira pachiyambi, ine ndili pomwepo. Kenaka foni ya Abiti Yusufu inalira. Anayankha, n'kundipatsira.

“Salamu alaikumu, bambo.” Anali Amjomba, mawu ali phee.

“Alaikumu salamu, Amjomba.”

“Kachipangizo kaja mwakapeza?”

Ndinayang'ana hadidisiki ili m'mbale muja. Amjomba anapitiriza.

“Abale anga anathawa kamodzi wapansi. Inu mwawathawitsanso kachiwiri, m'jumbo. Abwezeni kunyumba.”

Ndinafika ku Namwera dzuwa lili pafupi kulowa, hadidisiki ndikuigwirira pamtima. Ndinagwada pakhonde n'kuulula zonse: za kabenchi, za nyimbo, za kanema wosatha uja. Abiti Saidi analankhula kwa theka la ola osapuma, ndipo zonse zimene ananena zinali zoona. Amjomba analandira kachitsuloko ndi manja awiri, anakapukuta ndi mpango wawo, n'kukaika m'thumba la pachifuwa. Kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa msewu wa ku Katuli.

M'mawa mwake tinakwera minibasi kupita kuboma, ine nditanyamula chibokosi pamiyendo, Amjomba dzanja lili pathumba njira yonse. Tinalowa m'kashopu ka mayi wina wa magalasi amene amakonzadi makompyuta. (Ndinkadutsa pakhomo pake tsiku lililonse popita kukabenchi kanga. Tsiku limenelo ndinapemphera kuti asandizindikire. Anandizindikira.)

“Si inu olowetsa nyimbo padepoti?” Anayang'ana masikuluu ophwanyika mitu. “Watsegula ndi mpeni ndani?”

Amjomba anayang'ana kudenga. Ine ndinayang'ana pansi.

Mayiyo anamva nkhani yonse osaseka, ndipo zimenezi zinandiopsa kwambiri. Ananunkhiza hadidisiki ija, anaitembenuza, n'kunena kuti mwayi wathu unali woti sitinaiyatse ikadali yonyowa ndi chisanu, apo ayi bwenzi tikunena zina. Anaibwezera m'malo mwake. Kenaka anatsatira chingwe chofiira chija ndi chala, kuchoka pa hadidisiki kukafika mbali inayo, pamene chimalowa pa bolodi lalikulu. Kumeneko chinali chitazuka pang'ono, mpata wake woti mungalowetse chikhadabo. Anachikankha. Chinalira kuti tcha.

“Chingwe chili ndi mbali ziwiri, achimwene,” anatero. “Inu munaona imodzi. Kapena wina anasuntha bokosili pokolopa.”

Analowa ku bayosi kuja n'kuima kaye.

“Nanga wauza kompyutayi kuti tili zaka makumi awiri kutsogolo ndani?”

Sanadikire yankho. Anabwezeretsa zonse zimene ndinasokoneza, anayatsa. Tiii, kamodzi. Sikirini inachita mdima, inaphethira, kenaka kunabwera chithunzi cha phiri lobiriwira ndi timafayilo ta Amjomba tili ndondondo. Ntchito yonseyo sinakwane mphindi zisanu.

Amjomba anakoka mpando. Ndi chala chimodzi anatsegula fayilo yoyamba n'kuyamba kuwerenga maina motsitsa mawu, limodzi ndi limodzi, ngati akuitana ana kuti aone ngati onse alipo. Atafika pa dzina la mayi awo, amene anatsala panjira asanawoloke malire, anaima. Anavula magalasi n'kupukuta maso ndi mkono wa kanzu. “Alhamdulillah,” anatero. Ndipamene ndinamvetsa bwinobwino chimene ndinaika mufiriji.

Mayi uja anakopera zonse pa mafulashi awiri, n'kuwatsimikizira Amjomba kuti alibe matenda. Anasindikizanso buku lonse pa mapepala.

Titatuluka tinapeza Halima akutidikira panja, nkhani itamupeza kale kudzera kwa Abiti Saidi. Ndinayamba kupepesa kuti ndinamunamiza za ntchito yanga.

“Ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba,” anatero. “Nyimbo za mufoni mwangamu munalowetsa ndinu, ndipo theka lake sizilira. Ine ndimayesa mukafika munena kuti zakukanikani, munyamule bokosilo mubwere nalo kuno. Basi.”

Amjomba anakonza mapepala awo m'khwapa n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Bodza lanu ndi lalikulu, nzeru zanu n'zochepa,” anatero. “Koma munthu amene wataya chinthu cha mwini wake n'kuchilondola mpaka ku Katuli, ameneyo sangamusiye mwana wanga panjira. Akwanu abwere tidzakambe tsiku. Koma m'nyumba mwanga musadzagwirenso chinthu chilichonse chokhala ndi chingwe. Ngakhale mbuzi.”

Ndinalonjeza, ndipo ndinkanena kuchokera pansi pa mtima.

Tsiku la nikah, ukwati wathu, mzikiti unadzaza. Shehe atangoyamba kulankhula, chimkuzamawu chinalira kuti fwiii, n'kuzima. Anachigogoda, anauziramo, osatheka. Kenaka anayang'ana gulu lonse n'kufunsa ngati pali wina amene amadziwa za zipangizozi.

Abale anga, sindikudziwa mmene zinachitikira. Ndinangoona dzanja langa likukwera lokha.

Lisanafike paphewa, Amjomba amene anakhala pambali panga analigwira, analitsitsa, n'kuliika pabondo pawo. Sanalisiye mpaka mwambo wonse unatha, shehe akufuula ndi pakamwa pokha. Wojambula zithunzi anatijambula tili chomwecho, ndipo chithunzicho chili pakhoma kunyumba kwathu. Alendo akachiona amati sanaonepo mkamwini wokondedwa chotere.